Mlembi Ankayankhula ndi Yani? Mafunso Anu pa Kuzukuta Zolembedwa

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa ophunzira a kusekondale ndi m'makoleji, komanso aphunzitsi awo, ndipo onse akukhudza ntchito imodzi: kukonzekera chimangirizo chozukuta buku, ndakatulo, kalata kapena nkhani ya m'nyuzipepala. Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Zikomo alangizi. Tikafunsidwa cholinga cha mlembi, ine ndimalemba kuti "ankafuna kutiphunzitsa makhalidwe abwino ndi kutisangalatsa." Nthawi zonse aphunzitsi amandilembera m'mbali kuti "onjezera." Ndionjezere chiyani? — Wophunzira wa Fomu 4, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi anu sakukuvutitsani dala. Chiganizo chimenecho mukhoza kuchichotsa pa buku ili n'kukachiika pa buku lina lililonse la m'laibulale, chikakwanabe. Ndiye kuti sichikunena kanthu za buku limene lili m'manja mwanu, ndipo wochonga alibe pogwira kuti akupatseni malikisi.

Vuto likuyambira poti mukusaka cholinga musanadziwe amene mlembi ankayankhula naye. Yambani ndi funso lakuti "ankalembera yani?" Mukaliyankha, funsani lachiwiri: "ankafuna kuti anthu amenewo aganize chiyani, amve bwanji kapena achite chiyani akamaliza kuwerenga?" Chiganizo chabwino cha cholinga chimanyamula zinthu zinayi: anthu olemberedwawo, nkhani yake, chimene chinachitika kuti mlembi agwire cholembera, ndi chimene ankafuna kuti chisinthe mwa owerengawo.

Tione pa kalata imodzi yodziwika. Mu Novembala 1914 John Chilembwe, wa mpingo wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangoyamba, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho asilikali achikuda anali atafa ku Karonga pomenyana Angerezi ndi Majeremani. M'kalatamo Chilembwe akudandaula kuti pa nthawi ya mtendere zabwino zonse ndi za azungu okha, koma nkhondo ikabuka munthu wakuda amayesedwa wofanana nawo pokhetsa magazi. Akuti kunkhondoko kupite anthu olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi ndi ana amasiye opanda pogwira.

Wophunzira wopupuluma amalemba kuti Chilembwe ankafuna kudzutsa anthu akuda kuti aukire atsamunda. Amatero chifukwa akudziwa za kuukira atsamunda kumene Chilembwe anatsogolera pa 23 Januwale 1915, patangopita miyezi iwiri. Koma yang'anani kalatayo payokha. Inalembedwa m'Chingerezi, pa nthawi imene anthu akuda owerenga Chingerezi anali ochepa. Inatumizidwa ku nyuzipepala imene owerenga ake ambiri anali azungu a m'minda, amalonda ndi ogwira ntchito m'boma. Akamati "ife" akutanthauza anthu akuda, ndipo posaina ananena kuti akulemba m'malo mwa anthu a dziko lake. Munthu amayankhula m'malo mwa anzake pamene akuyankhula kwa wina wapadera. Chakumapeto akuyembekezera kuti tsiku lina boma lidzazindikira kufunika kwa anthu akuda ndipo chilungamo chidzapambana. Wofuna kuitanira anzake ku zida salemba chonchi, ndiponso sangaitanire m'nyuzipepala ya anthu omwe akufuna kuwaukirawo.

Choncho chiganizo chanu chikhoza kukhala chotere: "Chilembwe analembera boma ndi azungu a mu Nyasaland, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, pofuna kuwatsutsa chikumbumtima kuti aone kulakwa kotumiza amphawi achikuda kukafa pa nkhondo imene sinali yawo." Chiganizo ichi simungachiike pa cholembedwa china. Mawu ake aliwonse ali ndi umboni m'kalatamo, ndipo gawo lililonse likhoza kubala ndime yakeyake m'chimangirizo chanu. Zakuti boma linaletsa kalatayo kuti isafalikire mukhoza kuzitchula, koma ngati umboni wa momwe inalandiridwira. Chimene chinachitika pambuyo pa cholembedwa si cholinga cha cholembedwacho.

FUNSO: Kalata imakhala ndi keyala, koma buku lankhani lilibe. Ndikalemba kuti mlembi analembera "aliyense," ndikulakwa? — Wophunzira wa pa koleji ya zauphunzitsi, Lilongwe

YANKHO: Mukulakwa ndithu. Aliyense akhoza kuwerenga buku, koma mlembi polemba amakhala akuona anthu ena ake m'maganizo, ndipo anthuwo amasiya zizindikiro m'bukumo.

Yambirani kunja. Tsegulani masamba oyamba aja amene ophunzira ambiri amawadumpha: chaka chosindikizira, dzina la osindikiza, mzinda, mawu oyamba, anthu amene mlembi akuwathokoza. Ntchitoyi sipitirira mphindi zisanu. Buku losindikizidwa ndi mpingo, losindikizidwa ndi kampani yogulitsa mabuku a sukulu, ndi losindikizidwa ku London zadutsa m'manja osiyana, ndipo manja aliwonse anali ndi zimene ankafuna.

Mukalowa m'kati, chizindikiro chodalirika kuposa zonse ndi ichi: kodi mlembi akufotokoza chiyani, nanga akungotchula chiyani n'kupitirira? Akaima n'kuyamba kulongosola kuti kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi ndipo mwini mbumba ndi atsibweni, dziwani kuti akuganizira wowerenga wosadziwa mwambowo. Akangoti "atsibweni anakana" nkhani n'kupitirira, akuyankhula ndi eni mwambo. Lembani malo atatu kapena anayi otere, ndi masamba ake. Kenako tsatirani "ife," "inu" ndi "iwo," muone amene walowetsedwa m'nyumba ndi amene wasiyidwa pabwalo. Onaninso zimene mlembi akuzitenga ngati zodziwikiratu, zosafuna kukambirana, monga kuti sukulu ndi yabwino kapena kuti moyo wa m'tauni umaononga ana. Munthu sataya nthawi kutsimikizira chimene akudziwa kuti omumvera akugwirizana nacho kale. Kukula kwa chiyankhulo kumathandizanso, ngakhale sikokwanira pakokha: ziganizo zazifupi ndi mafunso kumapeto kwa mutu zimaloza ku kalasi, miyambi yakuya yosamasuliridwa imaloza kwa akuluakulu.

Nthawi zambiri mupeza kuti owerenga si gulu limodzi. Buku la Nthondo la Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, linatuluka mu 1933 ndipo linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London. Mu 1934 linatuluka m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, womasulira ali T. Cullen Young. Nkhaniyo ikutsata moyo wa munthu mmodzi kuchokera pobadwa mpaka kumwalira: unyamata wovuta, kulowa ufumu, ndi kutembenuka kukhala Mkhristu. Kuchokera pa mfundo zochepazi mukuona kale magulu atatu. Pali anthu owerenga Chinyanja, amene ambiri a iwo anaphunzira kuwerenga m'masukulu a mishoni. Pali amishoni, amene mlembi ankagwira nawo ntchito. Palinso oweruza mpikisano, ofuna kudziwa moyo wa m'mudzi wa Chiafirika.

Apa ndiye pagona nkhani ya chimangirizo chanu. Pamene mlembi akulongosola miyambo ya m'mudzi mwachifatse, akuchitira yani, mlendo wosadziwa kapena mwana wa pamudzi amene sukulu ikumuiwalitsa? Nanga pamene moyo wa mpangankhani ukuthera m'Chikhristu, miyambo ija ikutsala pati? Musathamangire kunena kuti Ntara ankangokondweretsa amishoni. Iye mwini anali Mkhristu ndiponso Mwafirika wodziwa miyamboyo, ndipo kulimbana kwa ziwirizi kuyenera kuonetsedwa ndi ndime za m'bukumo, osati kungoganizira.

Chomaliza, inu amene mukuwerenga lero pokonzekera mayeso sindinu amene mlembi wa 1933 ankakuonani. Chimene chikukudabwitsani inu mwina sichinadabwitse owerenga oyamba, ndipo chimene chinawakhudza iwo mwina inu mukuchidutsa osachiona. M'chimangirizo muzinena bwinobwino kuti mukukamba za owerenga ati.

FUNSO: Timauzidwa kuti alakatuli a nthawi ya Kamuzu ankabisa matanthauzo. Ndiye ndikapeza nyama, mvula kapena phiri m'ndakatulo ya nthawi imeneyo, ndizinena kuti ndi ndale? — Wophunzira wa zolembalemba, Zomba

YANKHO: Zoti ankabisa n'zoona, ndipo chifukwa chake chilipo. Mu 1968 kunakhazikitsidwa lamulo lopereka mphamvu ku bungwe la boma lounika ndi kuletsa mabuku, masewero ndi makanema. Olemba achinyamata amene ankakumana mu Writers Group ku Chancellor College kuyambira 1970 ankadziwa kuti cholembedwa chili ndi owerenga awiri, mnzawo womvetsa ndi mlonda wofufuza mlandu. Jack Mapanje, mmodzi wa gululo, anatulutsa ndakatulo zake za Of Chameleons and Gods ku London mu 1981. Mu 1987 anamangidwa n'kusungidwa kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Luso la kuyankhula motereli si lachilendo kwathu kuno. Mayi akamasinja amaimba nyimbo ya pamtondo yomwe wodutsa m'njira amangomva ngati nyimbo, koma apongozi ali pakhonde akudziwa kuti ikunena iwo, ndipo sangamuimbe mlandu woimbayo chifukwa sanatchule dzina.

Koma kudziwa zimenezi kwasocheretsa ophunzira ambiri. Afika poti khwangwala aliyense ndi nduna, bingu lililonse ndi boma. Musanalembe kuti chithunzi chakuti chikuimira ndale, chiyeseni katatu.

Poyamba onani ngati chithunzicho chikubwerezedwa, kapena ngati chikuchita zosemphana ndi chilengedwe chake. Nyama yochita zaunyama ikhoza kukhala nyama basi. Nyama yokhala pampando n'kumalandira mitulo ikufuna kuti muifunse mafunso. Kachiwiri onani zaka. Tanthauzo lobisika liyenera kuloza ku chinthu chimene owerenga a nthawiyo ankachidziwa ndakatulo isanalembedwe. Ndakatulo ya m'buku la 1981 singakhale ikunena za imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza, chifukwa zimenezo zinachitika mu 1983. Kulakwitsa kotere kumagwetsa chimangirizo chonse, ngakhale chitalembedwa mokoma chotani. Kachitatu onani ngati tanthauzo lanulo likugwira ndakatulo yonse mpaka ndime yomaliza. Ngati likukwanira mzere umodzi, mizere ina n'kumakana, ndiye kuti tanthauzolo ndi lanu, si la ndakatulo.

Zikatheka zonse zitatu, nenani molimba mtima. Zikatheka ziwiri, lembani kuti ndakatuloyo "ikhoza kumvekanso motere," ndipo fotokozani chimene chikukukayikitsani. Ndipo nthawi zonse yambani mwalongosola tanthauzo loonekeratu. Mlakatuli analikonza mosamala kuti mlonda uja akhutire nalo, choncho nalonso ndi gawo la luso lake.

FUNSO: Ndakatulo yomwe tikuphunzira ikuyankhula ngati chidakwa chodzitama ndi mowa. Mnzanga akuti mlakatuli akulimbikitsa uchidakwa. Ine ndikukana koma ndikusowa chomuyankha. — Wophunzira wa Fomu 3, Mzuzu

YANKHO: Mnzanuyo wasokoneza woyankhula ndi mlakatuli. Woyankhula ndi munthu wopangidwa, monga mpangankhani m'sewero. Kuti mupeze pamene mlakatuli waima, musamvere zimene chidakwacho chikunena zokha, koma onani zimene mlakatuli walola kuti zionekere kumbuyo kwa kudzitamako. Ngati chikudzitama kuti anzake amachikonda, pomwe mzere wotsatira ukuonetsa ana akugona ndi njala, mlakatuli waika ziwirizo pamodzi dala kuti wowerenga aweruze yekha. Ngati zotere mulibe, ndipo ndakatulo yonse ikungokometsa mowa mpaka kumapeto, mnzanuyo akhoza kukhala ndi mfundo. Werenganinso nonse awiri, aliyense atchule mizere yake.

FUNSO: Ana anga ndawaphunzitsa za cholinga ndi owerenga, ndipo m'kalasi amayankha bwino. Koma akagwira cholembera amangofotokozanso nkhani kuchokera mutu woyamba mpaka womaliza. Ndiwathandize bwanji pokonza mlozo? — Mphunzitsi wa Chichewa, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, tayang'anani milozo yawo musanayang'ane zimangirizo. Mupeza kuti ambiri ausanja motsatira mitu ya buku: mutu 1, mutu 2, mutu 3. Mlozo wotsatira nkhani umabala chifupikitso, mwana angayesetse bwanji. Mlozo wa chimangirizo chozukuta uyenera kutsatira mfundo za wolemba chimangirizo, ndipo umboni wa mfundo imodzi ukhoza kuchokera pa tsamba 12 ndi tsamba 87 nthawi imodzi.

Njira yomwe imathandiza ndi iyi. Awerenge koyamba osalemba kanthu, kuti angodziwa nkhani. Kachiwiri awerenge ndi pensulo, akuchonga paliponse pamene mlembi wachita chinthu chomwe akanatha kuchita mwanjira ina: wayamba ndi maliro m'malo mwa kubadwa, wapatsa mkazi mawu omaliza, wabwereza mwambi umodzi katatu, wadumpha zaka khumi m'chiganizo chimodzi koma wathera masamba asanu pa mlandu wa pabwalo. Kachitatu abwerere pa malo ochongedwa okhawo.

Tsopano atenge pepala n'kuligawa m'mizati itatu. Woyamba: mlembi wachita chiyani, ndi tsamba kapena mzere wake. Wachiwiri: zimenezi zikuyenerera wowerenga wotani. Wachitatu: zikufuna kumuchititsa chiyani wowerengayo. Adzaze mizere isanu ndi itatu kapena khumi. Mzati wachitatu ndi umene amaulephera poyamba, ndipo mpofunika kuti muchite nawo mizere iwiri kapena itatu pa bolodi. Musalole mayankho ngati "kuti nkhani ikome." Afunseni kuti ikomere yani, ndipo akaimva kukoma atani.

Pepala likadzaza, asonkhanitse mizere yofanana m'magulu atatu. Magulu amenewo ndiye mfundo zitatu za thunthu la chimangirizo, iliyonse ndi maumboni awiri kapena atatu. Mizere yotsala aitaye, ngakhale ikhale yokoma. Pakhale mzere umodzi wokha wosungidwa padera, uja wotsutsana ndi maganizo awo, chifukwa adzaufuna. Akatero alembe chiganizo chimodzi chonena cholinga ndi owerenga, chosapitirira mawu 35. Chiganizochi chilembedwe pambuyo pa pepala lija, osati patsogolo pake. Mwana akayamba ndi chiganizo amangosaka umboni womuvomereza, wotsutsa n'kumaudumpha.

Pa chimangirizo cha mawu 700, chiyambi chitenge mawu pafupifupi 90: dzina la cholembedwa, mlembi, chaka, ndi chiganizo chija. Ndime zitatu za thunthu zitenge mawu 150 iliyonse. Ndime ya umboni wotsutsa itenge mawu ngati 90, pomwe wolemba akuvomereza kuti pali malo amene sakugwirizana ndi mfundo yake n'kufotokoza chifukwa chake mfundoyo ikuimabe, kapena pamene ikulekezera. Mathero atenge otsalawo. M'chipinda cha mayeso, pa mphindi 40 zilizonse zoyankhira funso lotere, zisanu ndi zitatu kapena khumi zipite ku mlozo.

Pochonga pali njira ziwiri zachangu. Dulani mzere pansi pa mwininkhani wa chiganizo choyamba cha ndime iliyonse. Ngati ndi dzina la mpangankhani, monga "Kenako mnyamatayo anathawira kutauni," mwanayo akufotokoza nkhani. Ngati ndi mlembi, monga "Mlembi wachedwetsa kubwerera kwa mnyamatayo kuti wowerenga ayambe waona mavuto a amayi ake," mwanayo akuzukuta. Aphunzitseni aneni a ntchitoyi: wasankha, wachedwetsa, wabisa, wabwereza, wasiyanitsa, wasiya osanena. Njira yachiwiri ndi kuwerenga mawu monga "kenako," "zitatero" ndi "m'mawa mwake." Akapitirira awiri m'ndime imodzi, chifupikitso chabwereranso.

Akumbutseninso kuti nawonso ali ndi munthu amene akumulembera. Wochonga bukulo analiwerenga kale, mwina kangapo. Safuna kuuzidwa zimene zinachitika, akufuna aone ngati mwanayo waona chifukwa chake mlembi anazikonza motero.

FUNSO: Mlembi wa buku lomwe ndikuzukuta ali moyo, ndipo ananena pa wailesi cholinga chake. Kodi ndingotenga mawu akewo? Komanso ndili ndi ufulu wonena kuti analephera, ine wongophunzira? — Wophunzira wa kuyunivesite, Blantyre

YANKHO: Mawu ake atengeni, ndipo tchulani kumene ndi nthawi imene anawanena. Koma ndi umboni umodzi mwa maumboni, si chigamulo. Mlembi amayankhula pa wailesi patapita zaka, kwa omvera ena, nthawi zina akufuna kugulitsa buku kapena kupewa mkangano. Ndipo chimene munthu ankafuna kuchita ndi chimene chinatuluka papepala sizifanana nthawi zonse. Ngati akuti analembera kukweza amayi, koma m'bukumo amayi onse akuyankhula pokhapokha akafunsidwa ndipo vuto lawo likuthetsedwa ndi mwamuna, kusiyana kumeneko ndiye mutu wa chimangirizo chanu.

Ufulu woweruza muli nawo, ndipo chimangirizo chosaweruza chimakhala chosamaliza ntchito. Kuzukuta si kunyoza, komanso si kuyamikira kokha. Chofunika n'chakuti muyezo wanu uchokere pa cholinga ndi owerenga amene mwawatsimikizira kale. Buku lolembera ana a Sitandade 6 simungalidzudzule kuti ziganizo zake n'zapafupi, koma mukhoza kulidzudzula ngati ladzaza zining'a zimene ana a msinkhu umenewo sangazimve popanda wowamasulira. Sewero la pa wailesi lolimbikitsa katemera musaliyeze ndi kuzama kwa ndakatulo. Funsani ngati mayi womvera akuphika angagwire tsiku, malo ndi chifukwa chopitira kuchipatala atamva kamodzi kokha.

Polemba chiweruzo, tchulani malo enieni, nenani chimene mlembi ankafuna pamenepo, kenako chimene chikulepheretsa kapena kuthandiza wowerenga amene munamutchula uja. Pewani mawu ngati "buku lonse n'losakoma" kapena "mlembi ndi katswiri," chifukwa palibe angawatsimikize kapena kuwatsutsa. Lembani za cholembedwa, osati za khalidwe la munthuyo. Ndipo chiweruzo chiikeni m'ndime yachinayi kapena m'mathero, mutaonetsa kale kuti mwamvetsa zimene mlembi ankayesa kuchita.